Nyota paphewa, mendulo pachifuwa: moyo wa mkulu wa asilikali wa ku Tete

Pa 25 Seputembala, tsiku la asilikali kuno ku Mozambique, anthu amalawirira kubwalo la ngwazi m'maboma onse a chigawo chathu cha Tete: ku Ulongwe, ku Furancungo, ku Fingoé, mpaka mumzinda wa Tete momwe thukuta limayamba tambala asanatsike. Ana asukulu amafola, mkulu wa boma amaika nkhata ya maluwa, ndipo kutsogolo pamipando yaulemu pamakhala madala ndi ntchembere zingapo. Ena avala jekete lakale lotha kolala, ena farda, yunifolomu ya usilikali, yomwe tsopano ikuwakhwepa. Pachifuwa pakulendewera tizitsulo tonyezimira. Chaka china mwana wa mlongo wanga adandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Amalume, agogo aja adapha anthu angati kuti awapatse zimenezija?" Ndidamutsina kuti akhale chete, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba, chifukwa ngakhale akuluakulu ambiri amaganiza chimodzimodzi.

Mendulo siwerenga mitembo. Ndipo pali zinthu ziwiri zimene timazisokoneza. Nyota za paphewa, zomwe m'Chipwitikizi amati patente, zimanena udindo: uyu ndi alferes, uyu tenente, uyu capitão, uyu major, uyu coronel, mpaka majenerali. Mawu oti capitão ndi omwe aja adatipatsa "kapitawo" wa kumunda wa fodya ndi wa pamsewu, ngakhale kunkhondo munthuyo amatsogolera gulu lonse la asilikali. Mendulo ya pachifuwa ndi ina: ndi chiyamiko cha dziko pa chinachake chimene munthu adachita kapena pa nthawi imene adakhalamo. Kuti timvetse zonse ziwiri pa munthu wa kuno amene adalowa nkhondo ali mnyamata n'kupuma ali ndi imvi, tiyenera kudziwa kuti iyeyo sadatumikire gulu limodzi la nkhondo. Adadutsa m'magulu atatu, ndipo lililonse lidali ndi malamulo ake a chimene chimampanga munthu kukhala mkulu.

Gulu loyamba lidalibe nyota n'komwe. Ichi chimadabwitsa achinyamata: ambiri amene lero timawatchula kuti koronelo kapena jenerali adamenya nkhondo ya ufulu yonse paphewa pali mbee. Padali ntchito zokha. Wina comandante wa msasa, wina woyang'anira dera, wina comissário wophunzitsa ndale, wina wa zida, wina wa mankhwala. Onse ankaitanana kuti kamarada. Munthu ankakwera chifukwa anzake aona kuti sathawa, sasochera m'tchire, ndipo anthu ake sagona ndi njala.

Njira yolowera idali yaitali. Frelimo idabadwa ku Dar es Salaam pa 25 Juni 1962, pamene magulu atatu adaphatikizana pansi pa Eduardo Mondlane, ndipo limodzi mwa atatuwo, UNAMI la Baltazar Chagonga, lidali ndi mizu kuno ku Tete ndi pakati pa anthu athu okhala ku Nyasaland. Sizodabwitsa. Chibalo, msonkho ndi mbalamatodya zidali zitathamangitsa kale anthu ambiri kuwoloka malire, ndipo kumeneko adaona ndi maso awo Malawi ndi Zambia akulandira ufulu mu 1964. Chaka chomwecho, pa 25 Seputembala, mfuti yoyamba idalira ku Chai m'chigawo cha Cabo Delgado. Kuno nako adayesa kuyatsa moto, koma udazima msanga, makamaka chifukwa boma la Kamuzu Banda, lomwe katundu wake ankadutsa pa madoko a Apwitikizi, silidalole kuti zida zizidutsa m'dziko lake momasuka. Moto wa Tete udayakanso mu Marichi 1968, ulendo uno kudzera ku Zambia. Mnyamata wa ku Chifunde kapena ku Marávia ankawoloka usiku, n'kutumizidwa ku Tanzania, kumsasa wa Nachingwea, komwe ankaphunzira mfuti, ndale, kuwerenga, ndi kulima chakudya chake chomwe. Ambiri Chipwitikizi adachiphunzirira kumeneko, pofuna kumvana ndi Amakonde, Ayao ndi Achangana amene ankagona nawo chisakasa chimodzi.

N'chifukwa chiyani Tete idakhala bwalo lalikulu la nkhondoyo? Yankho lili ku Songo. Mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa idayamba, ndipo Apwitikizi adathira asilikali ochuluka kuliteteza pamodzi ndi misewu yobweretsa simenti ndi makina. Mu 1970 Jenerali Kaúlza de Arriaga adaponya mphamvu zake zonse kumpoto, ku Cabo Delgado, pa chiwembu chotchedwa Nó Górdio. Frelimo m'malo molimbana naye maso ndi maso idasamutsira mphamvu kuno, idawoloka Zambezi kulowera kummwera, ndipo pofika 1972 idali italowa ku Manica ndi Sofala. Damu silidaime, lidatha mu 1974, koma asilikali olilondera adamangika pamalo amodzi pamene anyamata a m'tchire ankawadutsa m'mbali.

Ntchito ya comandante m'zaka zimenezo tisaiganizire ngati ya m'mafilimu. Kuwombera kudali kochepa poyerekeza ndi kuyenda. Chipolopolo chilichonse, bomba lililonse lokwirira pamsewu, zidabwera pamutu pa munthu kuchokera kumalire a Zambia, ulendo wa masiku ambiri, ndipo osenza ambiri adali amayi ndi atsikana. Gulu la amayi ankhondo, Destacamento Feminino, lidakhazikitsidwa mu 1967, ndiye ntchembere zija zokhala pamipando yaulemu sizidabwere kudzaperekeza amuna awo. Comandante ankayenera kukhala pansi ndi mfumu, kupempha njira, kupempha ufa, kuweruza mnyamata wake amene wagwira nkhuku ya eni kapena mwana wa eni. Akalakwitsa pamenepo, mawa lake mudzi wonse unkadziwa pomwe wagona, ndipo PIDE, polisi yachinsinsi ya Apwitikizi, nayo inkadziwa. Apwitikizi adazindikira kuti mphamvu ya anyamatawo ili m'midzi, n'chifukwa chake adasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamento, ndipo pomwe ankakayikira ankapha. Ku Mucumbura mu 1971. Ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 Disembala 1972, pomwe anthu pafupifupi 400 adaphedwa. Ansembe ndi masisitere ndiwo adasonkhanitsa umboni, ndipo wansembe wa ku England, Adrian Hastings, adautulutsa mu nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Zidatenga zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese poyera ku Maputo mu 2022. Comandante aliyense wa dera limenelo ankadziwa kuti bomba lomwe wakwirira lero likhoza kulipiridwa ndi mudzi mawa. Ndi katundu amene mendulo simuonetsa.

Mwa amene adalamulira nkhondo kuno, dzina lodziwika ndi la António Hama Thai, yemwe moyo wake ukuonetsa njira yonse imene tikukambayi: comandante m'tchire la Tete, kenako mkulu wa asilikali a m'ndege, mu 1987 mkulu wa likulu la asilikali onse, ndipo mu 2000 nduna yoona za ankhondo akale. Mariano Matsinha, mwana wa ku Macanga, adali m'gulu la nthumwi za Frelimo pa pangano la ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974, lomwe lidatsegula khomo la ufulu wa pa 25 Juni 1975.

Pali anthu ena amene pabwalo la ngwazi simudzawaona kutsogolo, ngakhale adavala farda zaka zomwezo. Pofika kumapeto kwa nkhondo, pafupifupi theka la asilikali a Portugal m'dziko muno adali olembedwa konkuno, ena mokakamizidwa, ena m'magulu apadera monga Grupos Especiais (GE) ndi Flechas. Ufulu utabwera adatchedwa comprometidos, kutanthauza ogwirizana ndi atsamunda, zithunzi zawo zidapachikidwa m'malo antchito, ndipo mu 1982 Pulezidenti Samora Machel adawaitanitsa kumsonkhano kuti aulule zomwe adachita. M'midzi yathu si zachilendo kupeza kuti m'mimba imodzi mudatuluka wa uku ndi wa uko.

Gulu lachiwiri lidayamba ndi ufulu, ndipo apa m'pamene moyo wa comandante wa m'tchire udakhota. Dziko latsopano linkafuna asilikali a mabaraki, a akasinja, a ndege za MiG, pa chitsanzo cha Soviet Union. Mdani naye adali wina. Mu Marichi 1976 Samora adatseka malire ndi Rhodesia, ndipo ndege za Ian Smith zidayamba kuphulitsa m'kati mwa dziko, chifukwa ankhondo a ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, ankadutsa kuno kuyambira nkhondo ya ufulu isanathe. Mu Novembala 1977 adaphulitsa msasa wa Chimoio, n'kutsatiza wa Tembué kuno kumpoto kwa Tete. Mu 1978 sukulu ya usilikali idatsegulidwa ku Nampula, ndipo chaka chomwecho lidabwera lamulo loti mnyamata aliyense alowe usilikali. Ena adatumizidwa kukaphunzira ku Soviet Union, ku Cuba ndi ku East Germany.

Nyota zidabwera mu Seputembala 1980. Samora adakhala Marechal, atsogoleri a chipani adalandira unjenerali, Joaquim Chissano amene anthu ankamudziwa ngati nduna yoona za kunja adakhala major-general. Apa pali chinsinsi chimodzi chowerengera nyota za m'badwo umenewo: zina zidaperekedwa poyang'ana magulu amene munthu ankalamulira, zina poyang'ana malo ake m'chipani, pakuti nthawi imeneyo chipani, boma ndi asilikali zidali nsima ya m'mbale imodzi. Sérgio Vieira, wobadwira mumzinda wa Tete mu 1941, adali koronelo, koma ntchito zake zidali kuyendetsa banki yaikulu ya dziko, unduna wa zaulimi, unduna wa zachitetezo, ubwanamkubwa wa chigawo cha Niassa, ndipo pambuyo pake ofesi yokonza chitukuko cha chigwa cha Zambezi konkuno. Wankhondo ankatha kudzuka ali mkulu wa boma laling'ono kapena woyendetsa munda wa boma. Ndiye "moyo wa usilikali" ndi "moyo wa pakati pa anthu" kwa m'badwo uwu sizidatsatizane ngati dzinja ndi chilimwe, zidalukana.

Koma amene sukulu idawapita padera adaona zina. Munthu woti adawolotsa anthu mazana pa Zambezi usiku popanda kutaya ndi mmodzi yemwe, tsopano ankafunsidwa satifiketi ya kalasi yachinayi. Mnyamata wobwera kuchokera ku Moscow, wodziwa masamu a mizinga, ankamudumpha. Ambiri adapumitsidwa, ena adatumizidwa kukalima. Boma lidawakumbukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, litaona kuti akasinja sathamangitsa munthu m'phiri, ndipo lidaitananso akale kuti adzaphunzitse nkhondo ya m'tchire. Chifukwa tsopano m'tchiremo mudali ena.

Za nkhondo ya zaka 16 anthu a kuno safuna wowaphunzitsa, koma tiyenera kuiona ndi maso a mkulu wa asilikali. Renamo, imene anthu adaitcha Matsanga potengera dzina la André Matsangaissa amene adafa ku Gorongosa mu 1979, idaleredwa ndi Rhodesia, kenako South Africa, ndipo pangano la Nkomati la mu Marichi 1984, pakati pa dziko lino ndi South Africa, silidaiumitse. Idapezanso nthaka yachonde m'madandaulo a anthu: mafumu ochotsedwa, midzi ya aldeia comunal yosamutsira anthu kutali ndi manda a makolo awo, miyambo yonyozedwa kuti ndi umbuli. Amene kale adali nsomba m'madzi tsopano adali mlonda wa milatho, wa nsanamira za magetsi a Cahora Bassa zomwe zinkagwetsedwa mazanamazana, wa mdipiti wa magalimoto pamsewu wa Cuchamano, Tete ndi Zóbuè womwe asilikali a Zimbabwe ankaperekeza. Adaphunzira mbali ina ya phunziro lomwe iye mwini adaphunzitsa Apwitikizi. Anyamata ake ambiri sadabwere mwakufuna, adagwidwa pamsika kapena potuluka m'kalasi, ndipo malipiro, nsapato ndi chakudya zinkachedwa miyezi. Msilikali wanjala wokhala ndi mfuti mukudziwa chimene amachita m'munda wa chinangwa. Kumbali ya Renamo anthu ankasenzetsedwa katundu, ana ankatengedwa, midzi inkatenthedwa.

Chaka cha 1986 ndicho chidaswa chigawo chino. Renamo idasefukira ku Tete ndi ku Zambézia, Maputo idaloza chala Malawi, ndipo mu Seputembala Samora, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adapita ku Blantyre kukamuuza Kamuzu maso ndi maso. Pa 19 Okutobala Samora adafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. M'miyezi imeneyo ndi zaka zotsatira, midzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga idatsala mabwinja, anthu ali ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza. Othawa kwawo ku Malawi adapitirira miliyoni imodzi. Ambiri a ife amene tikuwerenga nkhani ino m'Chichewa cholembedwa tidachiphunzira m'masukulu a kumeneko. Nkhani yake n'njakuti pamene mkulu wa asilikali akuti "tidateteza dziko", pali mayi wina pamzere wachitatu amene akukumbuka kuti ng'ombe za bambo ake zidapita ndi anthu ovala farda, ndipo mpaka lero sadziwa kuti adali a mbali iti.

Gulu lachitatu lidabadwira pa tebulo ku Roma. Pangano la mtendere lomwe Pulezidenti Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, adasaina pa 4 Okutobala 1992 lidati magulu onse awiri athe, pabadwe limodzi latsopano, FADM, la anthu 30,000, theka kuchokera uku theka uko, ndipo olowa alowe mwakufuna kwawo. Asilikali a United Nations adabwera pansi pa ONUMOZ, ndipo msewu wathu wa Tete udalonderedwa ndi a ku Botswana. Alangizi oyamba a gulu latsopanolo adakaphunzira limodzi ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe, adani adzulo akugona nyumba imodzi. Pamwamba padakhala akuluakulu awiri ofanana mphamvu, Lagos Lidimo wa boma ndi Mateus Ngonhamo wa Renamo.

Chimene olemba panganolo sadayembekeze n'chakuti anthu adali atatopa. M'malo mwa 30,000 adapezeka pafupifupi 12,000 okha. Oposa 90,000 adasankha kubwerera kwawo, atapatsidwa khasu, mbewu, chidebe, ulendo wa galimoto mpaka kumudzi, ndi ndalama za miyezi 24, isanu ndi umodzi yochokera ku boma ndi 18 yochokera kwa mayiko othandiza. Kwa msilikali wamba zidali zomveka. Kwa major wa zaka makumi anayi zidali zowawa mwanjira ina. Kuti mbali ziwiri zifanane, Renamo idabwera ndi makoronelo ndi majenerali ake, ena achichepere, ena osapita patali ndi sukulu, ndipo wa boma amene adadikira nyota yake zaka khumi adauzidwa kuti awachitire sawatcha. A Renamo nawo m'zaka zotsatira adadandaula kuti akukankhidwira kumbali ndi kupumitsidwa nthawi isanakwane, dandaulo lomwe Dhlakama adalibwereza mpaka mfuti zidaliranso mu 2013. Ndiye mukamva kuti wakutiwakuti ndi coronel na reserva, funsani kuti nyotayo adailandira liti ndipo m'gulu liti. Reserva ndi kupuma koma dzina likadali m'kaundula woti atha kukuitana, pamene reforma ndi kupumiratu.

Tsopano tibwerere ku tizitsulo tija. Dziko lili ndi maulemu osiyanasiyana, ndipo amaperekedwa m'dzina la Pulezidenti. Pali dzina la Herói da República, ngwazi ya dziko, lomwe ndi la owerengeka. Pali Ordem Eduardo Mondlane, pali ya 25 de Setembro ya ntchito za usilikali, pali mendulo ya Nachingwea ndi ya Bagamoyo, zotchedwa mayina a malo a ku Tanzania komwe Frelimo inkaphunzitsira anthu ake. Koma imene mumaiona kwambiri pabwalo la kwanu ndi ya Veterano da Luta de Libertação, yomwe imaperekedwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi pa masiku a chikondwerero. Imeneyi sinena kuti munthu adachita chamuna pa nkhondo yakutiyakuti. Imangoti: adalipo, adatengako mbali. Wosenza zipolopolo, wophika, namwino, mphunzitsi wa m'madera omasulidwa, onse ikhoza kuwafika. Ine ndimaona kuti pamenepo dziko lidachita bwino, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo adalisenzadi ndi mitu.

Pomwe pali mfundo yovuta ndi apa. Pafupifupi ulemu wonse wa pabwalo umaloza ku nkhondo yoyamba. Masiku athu a chikumbutso, 3 Febuluwale, 7 Epulo, 25 Juni, 7 Seputembala, 25 Seputembala, onse ndi a nkhondo ya ufulu. Yachiwiri ili ndi tsiku limodzi, 4 Okutobala, ndipo limakumbukira kutha kwake, osati zimene zidachitikamo. Mu 1992 nyumba ya malamulo idakhululukira milandu yonse ya nkhondoyo, ndipo sipadakhale bwalo loti anthu aulule zoona ngati lomwe South Africa idachita. Munthu mmodzi yemweyo, wa zaka zisanu ndi chimodzi m'nkhondo yoyamba ndi khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'yachiwiri, amavala pachifuwa zaka zochepazo, zochulukazo amazisunga m'mimba.

Malamulo a penshoni adatsata mzere womwewo. Lamulo la 2002 lidayang'ana omenyera ufulu okha. La 2011 ndilo lidatambasula mphasa, n'kuzindikira magulu awiri: veterano wa nkhondo ya ufulu, ndi wankhondo woteteza dziko ndi demokalase, kutanthauza wa nkhondo yachiwiri. Koma mphasayo sidafanane kukhuthala, ndipo mabungwe awo nawo ndi osiyana. ACLLN, ya omenyera ufulu, ndi nthambi ya chipani cha Frelimo ndipo mawu ake amamveka mpaka posankha atsogoleri. AMODEG, ya opumitsidwa pankhondo, ndi ADEMIMO, ya asilikali olumala, zakhala zikugogoda pakhomo. Kuti penshoni ituluke pamafunika kutsimikiza kuti udalowa liti, udali pansi pa yani, mboni zako ndani, kenako mapepala ayende mpaka ku khoti loona za kayendetsedwe ka boma kuti likadinde. M'tchire mudalibe kaundula wosungika bwino, ambiri ankadziwika ndi mayina a nkhondo, ndipo mboni zikutha chaka ndi chaka. Apa m'pamene mkulu wa asilikali wopuma amakhala wofunika kuposa mmene adalili ndi mfuti: siginecha yake, kukumbukira kwake kuti "inde, uyu adali nafe ku msasa wakuti", ndi kumene kumasiyanitsa nkhalamba yolandira ndi yosalandira. Ena ntchito imeneyi amaigwira mokhulupirika, kuyenda ndi anzawo mpaka ku Tete pa ndalama zawo. Mphekesera za olowetsa abale awo amene nkhondo adangoimva pa wailesi nazonso sizisowa, ndipo zimawawa kwambiri kwa amene ali ndi zipsera.

Atavula farda, akuluakuluwa adagawikana njira. Apamwamba adalowa ndale, ku nyumba ya malamulo, m'makomiti a chipani. Ena adalowa malonda pamene chuma cha boma chinkagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mayina a majenerali amamveka m'makampani a matabwa, a migodi, a alonda. Anthu amalankhula, ndipo sindiwaletsa: amene adatiphunzitsa kuti kudyera anzako masuku pamutu ndi mdani wa dziko, ena a iwo adadzakhala ndi madengu akuluakulu. Koma amenewo ndi ochepa, ndipo amakhala ku Maputo. Wa kwathu kuno, kapitawo kapena major, adabwerera ku khasu. Amalima chimanga ndi mbatatesi kumapiri a Tsangano, kapena fodya wa kontalakiti ku Macanga ndi Chifunde, n'kumadandaula za mtengo wa feteleza ngati wina aliyense.

Kubwererako sikudali kungotsika galimoto. M'mabanja ambiri munthu wochokera kunkhondo sankalowa m'nyumba asanasambitsidwe mankhwala, kuti magazi ndi mizimu ya kumeneko zisalowe naye, ndipo akumpingo ankachita zawo ndi mapemphero. Kenako padali nkhani ya malo ake pamudzi. Kumadera a Achewa kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, koronelo ndi mkamwini basi, ndipo pa nkhani ya munda wa banja mawu ndi a malume a ana, osati a nyota. Mfumu imene iye ali mnyamata wa chipani adaiuza kuti nthawi ya mafumu yatha, idabwezeredwa ulemu ndi lamulo la boma la mu 2000, idapatsidwa yunifolomu yakeyake ndi mbendera, ndipo lero pamaliro imalankhula iyo, iye atakhala pansi chipewa chili m'manja. Gule amene ankati ndi umbuli adalembedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ndaonapo madala ena zikuwavuta kumeza zimenezi. Ndaonanso ena atazilandira mwaulemu mpaka mudzi kuwapanga nkhoswe ya chilichonse: komiti ya sukulu, komiti ya mjigo, bungwe lolangiza mkulu wa boma, kuyanjanitsa olimbirana malire a dimba. Luso lake ndi lomwe lija la m'tchire, lodziwa kuti anthu suwatsogolera usanadye nawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma si dambo lililonse lili ndi madzi, ndipo mudzi umadziwa kusiyanitsa. Pomupatsa moni amati "wawa, a Koronelo", koma akafuna kumutuma mlandu amayamba afunsana mmene adakhalira ndi anthu mu 1987.

Mabala ena adachedwa kupola. Mabomba okwirira, ena ozungulira Cahora Bassa, ena m'malire a Zimbabwe, adapitiriza kudula miyendo mpaka dziko lidalengezedwa kuti layera mu 2015. Chaka chomwecho ndi chotsatira mfuti zidamvekanso ku Moatize ndi ku Tsangano, ndipo anthu zikwizikwi adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ena mwa iwo kachiwiri m'moyo wawo. Pangano la pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa Filipe Nyusi, Pulezidenti wa nthawiyo, ndi Ossufo Momade wa Renamo lidabweretsa ntchito yotula zida kwa ankhondo a Renamo oposa 5,000, msasa womaliza udatsekedwa ku Gorongosa mu Juni 2023, ndipo chaka chomwecho boma lidavomera kuti nawonso azilandira penshoni. Patapita zaka makumi atatu chisainire ku Roma, nkhalamba za mbali ziwiri zidayamba kuima pamzere umodzi kubanki, kukatsimikiza kuti zikadali moyo.

Akamwalira mkulu wotere, maliro ake amakhala a eni awiri. Boma limabwera ndi mbendera yophimba bokosi, mkulu wina amawerenga mbiri: adalowa chaka chakuti, adaphunzira ku Nachingwea, adalamulira kwakuti, adalandira mendulo yakuti. Ngati udindo wake ukulola, asilikali amawombera m'mwamba, ana n'kuthawira kumbuyo kwa amayi awo. Magalimoto akachoka, adzukulu amatsiriza ntchito yawo, mfumu imalankhula, ndipo mawa lake banja limakhala pansi kutsegula chikwama chachitsulo chomwe chidali pansi pa bedi. Mendulo amakangana pang'ono kuti isungidwe ndi yani, mwana wamkulu kapena mphwake. Chimene amafufuza kwenikweni ndi khadi la wankhondo ndi pepala la penshoni, chifukwa mayi wamasiye ali ndi ufulu wolandirako, koma ayenera kutsimikiza kuti adalidi mkazi wake. Ukwati wambiri wa m'badwo umenewo udamangidwa ndi ankhoswe pansi pa mtengo, kapena kumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, ndipo ku ofesi yolembetsa maukwati sudafikeko. Ndiye pakatha masabata awiri mumaona gogo atavala chakuda, atatsagana ndi mfumu kapena mlembi wa mudzi ndi mmodzi wa anzake a malemu, akudikira chapa, minibasi ya ku Tete, m'bandakucha, mapepala atakulungidwa m'pulasitiki ya shuga.